M'mitambo payiloti amaona chiyani, nanga amamvera ndani?

Funso lachokera kwa aphunzitsi a sayansi pa sekondale ina yoyendera kwa Santhe, m'boma la Kasungu. Alemba motere: "Tsiku lina mu Januwale, kunja kutada bii ndi mvula, tinamva ndege ikudutsa pamwamba pa sukulu koma osaiona. Mtsikana wina wa Fomu 3, amene amati adzakhala payiloti, anandifunsa kuti munthu ali mkatimo akuiona bwanji njira. Ndinamuyankha kuti amauzidwa ndi a pansanja ku Lumbadzi. Iye n'kundifunsanso kuti, ndiye woyendetsa weniweni ndi uti, wa m'ndegeyo kapena wa pansanjayo? Ndinangoti tidzakambirana mawa. Mawa lakelo mpaka lero silinafike. Ndithandizeni."

Aphunzitsi, mwanayo musungeni bwino, chifukwa funso lake lachiwirilo ife oyendetsa ndege timalimbana nalo mpaka kupuma pa ntchito. Ndiyambe ndi kukonzako pang'ono yankho lanu. A pansanja sayendetsa ndege, ndipo nthawi zambiri saiona n'komwe ndi maso. Payiloti naye akalowa mumtambo saona kalikonse kunja. Zenera limangoti mbee ngati wina walipaka laimu, mwinanso nsonga ya phiko lako lomwe osaiona. Watsala ndi zinthu zitatu: mawotchi oonetsa mmene ndege ikuulukira ali patsogolo pako, mawu a munthu m'mahedifoni, ndi thupi lako. Mwa zitatuzi, wabodza wamkulu ndi thupi.

Maulukidwe alipo awiri. Oyamba ndi ouluka ukuona kunja, amene m'malamulo amatchedwa VFR. Ukanyamuka pabwalo la Kasungu kunja kuli ng'aa, kulowera ku Lumbadzi, sufuna zambiri. Phiri la Kasungu ulisiye kumbuyo, msewu wa M1 uzioneka cha pambali, uwoloke Bua, udutse Madisi ndi Mponela, ndipo ngakhale pa kandege kakang'ono, likamakwana theka la ola bwalo la Kamuzu lili patsogolo pako, chifukwa mlengalenga mtundawo ndi wa makilomita 90 okha kapena kupitirirako pang'ono. Koma kuti uuluke chonchi, lamulo nthawi zambiri limafuna uzitha kuona makilomita 5 kutsogolo, utatalikirananso ndi mitambo. Achiwiri ndi IFR, ouluka potsatira zipangizo. Ndege zikuluzikulu za apaulendo zimauluka chonchi kaya kwacha bwino kaya kuli mvula, ndipo imene inakudutsani pamwambayo iyenera kuti inali ya gulu limeneli.

Popeza ndinu a sayansi, tiyambire m'khutu. Mkati mwa khutu lililonse muli timachubu titatu topindika, todzaza madzi, tokhala ndi timaubweya m'munsi mwake. Mutu ukatembenuka madziwo amatsalira m'mbuyo, timaubweya n'kupindika, ubongo n'kudziwa kuti tikukhota. Tengani beseni la madzi, muwazemo gaga pang'ono kuti muziona bwino, muyambe kulizunguza. Poyamba madzi akhala chiimire beseni likuyenda. Mukapitiriza, madzi ayamba kuyendera limodzi ndi beseni. Mukaliimitsa, madzi apitirira okha. M'khutu ndi momwemo. Ndege ikakhota mosalekeza kwa masekondi pafupifupi 20, madzi aja afanana liwiro ndi mutu, khutu likuti tawongoka pamene ndege ikukhotabe. Ukaiwongoladi, khutu likukuwa kuti wagonera mbali inayo. Choipitsitsa n'chakuti ndege ikamapendekeka pang'onopang'ono khutu silimva n'komwe. Pansi pano sitivutika nazo chifukwa maso amalidzudzula khutu nthawi zonse, mtengo uli chilili, denga la kalasi lili pamalo pake. Mumtambo maso alibe pogwira.

Mwina mukuti, bwanji osamvera pampando kuti ndapendekeka? Ndege ikamakhota bwino, mphamvu yonse imakukanikizira pampando mowongoka, n'chifukwa chake tiyi satayika m'kapu ngakhale phiko limodzi litaloza pansi. Ndiye taonani mmene imfa yake imabwerera. Phiko lakumanzere latsika pang'ono, iwe sunamve. Ndege yayamba kukhota, mphuno yagwa, liwiro likukwera, mphepo ikulira mokweza. Waona wotchi ya kutalika ikubwerera pansi, wakoka chiwongolero kuti ukwere. Koma ndege yopendekeka ukaikoka sikwera ayi, imangokhota mothina, n'kumatsika mozungulira ngati kamvuluvulu woyang'ana pansi, ndipo ukamakoka mwamphamvu m'pamenenso ikuthina.

Mu 1954, pa yunivesite ya Illinois ku America, anayesa apayiloti 20 amene anali asanaphunzire kuuluka ndi zipangizo. Anawatchinga kuti asaone kunja, mlangizi ali pambali. Onsewo ndege inawapulumuka, pa avareji patangotha masekondi 178. Mphindi zitatu osakwana. John F. Kennedy Jr., mwana wa pulezidenti wakale wa dzikolo, anafa chonchi mu Julaye 1999, usiku pamwamba pa nyanja, malire a madzi ndi thambo atasowa. Chonsecho mankhwala ake anapezeka kalekale: pa 24 Seputembala 1929, Jimmy Doolittle ananyamuka, kuzungulira ndi kutera pafupi ndi New York atavindikiridwa ndi chinsalu, akungoyang'ana mawotchi.

Zonsezi ine ndinkazidziwa pamtima, ndinakhoza nazo mayeso, koma tsiku loyamba kulowa mumtambo weniweni zinandivula. Kunali ku South Africa kumene ndinkaphunzira, mlangizi wanga ali kudzanja lamanja. Titangolowa, a pawailesi anatipatsa njira yatsopano, ndinawerama kuti ndilembe, ndipo podzutsa mutu thupi lonse linandiuza kuti tagonera kumanja. Wotchi yoonetsa mapiko inkati tili mowongoka. Ndinkaiona ndithu, koma dzanja linkangopita lokha kumanzere, ati kukakonza. Mlangiziyo sanakalipe. Anangogogoda ndi pensulo pagalasi la wotchiyo, go go go, n'kunena kuti mnzako ndi uyu. Ndinauluka mphindi khumi ndege ili mowongoka, ine nditakhala chopendekeka pampando ngati wakwera kabaza wa chishalo chopindika, thukuta lili kamukamu. Musaganize kuti bodzali limatha maola akachuluka. Limabwerabe mpaka lero, kungoti munthu umazolowera kulimva osalitsatira.

Kwathu kuno msampha suli mumtambo wa dzinja wokha. Mu Seputembala ndi Okutobala, tchire likamapsa, utsi ndi fumbi zimadzaza mlengalenga. Pansi penipeni ukuona, midzi ndi zigafa za fodya zikuoneka, koma kutsogolo kuli phulusa lokhalokha. Usiku wopanda mwezi pamwamba pa nkhalango ya Kasungu, kumene kulibe nyali ngakhale imodzi, zili ngati akutsekera m'thumba. Ndipo woopsa kuposa yonse ndi ulendo umene wauyamba ukuona kunja, mitambo n'kumatsika, iwe n'kumatsika nayo kuti uzionabe nthaka, pamene dziko kutsogoloko likukwera. Tonse tikukumbukira 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa ku Chikangawa ndi kupha anthu 9, mmodzi mwa iwo wachiwiri kwa pulezidenti, a Saulos Chilima. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo analemba kuti ndegeyo inkauluka m'malamulo a VFR, inalowa m'nyengo yosaoneka kunja, n'kuwomba malo okwera. Sindikutchula maliro amenewa mopepuka. Ndikuwatchula chifukwa pa mapu a IFR dera lililonse lili ndi nambala yake, kutalika kumene suyenera kutsikirapo, ndipo nambalayo sisintha ngakhale mtima utafunitsitsa bwanji kuona nthaka.

Mawotchi akuluakulu ndi 6. Yapakati, imene ndi mfumu yawo, imaonetsa kandege pakati pa mbali ya buluu ndi mbali ya bulauni, thambo ndi nthaka. Mkati mwake muli nguli yachitsulo yozungulira mwaliwiro, imene imakhala chilili ndege ikamapendekeka. Enawo amayeza liwiro, kutalika, kumene mphuno yaloza, kukwera kapena kutsika pa mphindi, ndi kakhotedwe. Ndege zamakono zinaziika zonsezi pa sikirini, koma nkhani ndi yomweyo. Luso lagona pa kayendetsedwe ka maso: yapakati, kutalika, yapakati, kampasi, yapakati, liwiro, ngati mayi amene wateleka miphika itatu. Akangoyang'anitsitsa umodzi, inayo yapserera.

Ndati thupi ndi wabodza wamkulu, sindinati mawotchi sanama. Wotchi ya liwiro imadalira kapaipi koloza kutsogolo kamene kamamwa mphepo. Ndege ikagona masiku angapo pabwalo la kumudzi, mavu amatha kumatamo dothi, choncho timakavindikira ndi kachivindikiro kolendewera kansalu kofiira, ndipo kuiwala kukachotsa n'koopsa mofanana ndi mavuwo. Wotchi imodzi ikamanena zosiyana ndi anzake, timawafunsa ngati mboni pabwalo la amfumu. Yapakati ikamati tikukhota koma kampasi ndi wotchi ya kakhotedwe zili phee, ndiye kuti mfumuyo yadwala, tiiphimbe ndi kapepala, tiyende ndi nduna zake.

Tsopano tifike kwa munthu wa m'mahedifoni uja, ndipo tiyambe ndi nambala imodzi imene amatipatsa. Wotchi ya kutalika siyeza mtunda wochoka pansi ayi, imayeza kulemera kwa mpweya. Ndi barometa imene mumaphunzitsa ija. Mpweya umasintha ndi nyengo, choncho a pansi amatiuza nambala yotchedwa QNH, ife n'kuitchera. Ukaitchera bwino uli pansi ku Lumbadzi, wotchi imawerenga mafiti 4,000 ndi pang'ono, chifukwa bwalolo ndi lokwera motero kuchokera pa nyanja yamchere. Nambala ya QNH imawerengedwa m'ma hectopascal, muyezo wa kulemera kwa mpweya, ndipo hectopascal imodzi ndi mafiti pafupifupi 30. Ukamva 1018 pamene akuti 1008, walakwitsa ndi mafiti 300, ndipo wotchi izikuuza kuti uli m'mwamba iwe uli pafupi ndi mitengo. Nambala ya 300 imeneyi muisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Ntchito yawo yaikulu ndi kulekanitsa ndege kuti zisawombane ndi kuzindandalika pofuna kutera. Sikuti onse amakhala pansanja. Wa pansanja weniweni amasamala za msewu woterapo ndi pafupi ndi bwalo, wina amalandira ndege zikamayandikira, wina amayang'anira zodutsa m'mwamba. Tisananyamuke timapereka pulani ya ulendo: njira, kutalika, mafuta a maola angati, anthu angati, ndi bwalo lina lothawirako. Iwo amatipatsa chilolezo ndi manambala anayi otchera pa kachipangizo kotchedwa transponder, kuti pa rada atizindikire. Kumene rada safika amadalira zimene tikuwauza, kuti ndili pakuti, ndidzafika pakuti nthawi yakuti, n'kumatisiyanitsa ndi mafiti 1,000 wina pamwamba pa mnzake. Wailesi yake ndi ya VHF, pakati pa 118 ndi 137 MHz, kungopitirira pang'ono pamene mumatchera FM, ndipo imayenda mowongoka ngati kuwala, moti ukakhala m'munsi kuseri kwa mapiri a Mchinji ukhoza kuitana osayankhidwa. Pa mabwalo ang'onoang'ono ambiri palibe wokuuza zochita, apayiloti amangolengezerana okha. Ngakhale ma drone aja, amene boma ndi UNICEF anawatsegulira dera la makilomita 40 kuzungulira bwalo la Kasungu mu 2017, anawaikira malire awo kuti asakumane ndi ife.

Chiyankhulo chake ndi Chingerezi, koma osati cha m'kalasi. Nambala za ndege za ku Malawi zimayamba ndi 7Q, ndiye tinene kuti yathu ndi 7Q-ABC. Amvekere: "Seven Quebec Alpha Bravo Charlie, descend to seven thousand feet, QNH one zero one eight." Akuti tsikira pa mafiti 7,000, tchera 1018. Ine sindingangoti chabwino. Ndiyenera kubwereza zonse, nambala iliyonse, n'kumaliza ndi dzina la ndege, ndipo iyeyo ayenera kutchera khutu ngati ndabwereza molondola. Ndi zija mumachita potuma mwana kugolosale: tanena, ndakutuma chiyani? Liwu lakuti "roger", limene ana amalikonda posewera, limangotanthauza kuti ndamva, silitanthauza eya kapena ndichita. Nambala 9 timati "niner", 5 timati "fife", 3 timati "tree", kuti zisasokonekere m'phokoso.

Ambiri mwa malamulo a kayankhulidwewa analembedwa pambuyo pa maliro. Pa 27 Malichi 1977, pachilumba cha Tenerife, kunali chifunga choti wa pansanja sankaona msewu wa ndege. Kaputeni wa ndege ya KLM anayamba kuthamanga poganiza kuti waloledwa kunyamuka, pamene ndege ya Pan Am inali isanachoke mumsewumo. Zonse zinali Boeing 747, ndipo anthu 583 anafa. Kuchokera pamenepo liwu lakuti "take-off" limatchulidwa pokhapokha popereka chilolezo chenicheni kapena pochifafaniza. Pa zina zonse timati "departure".

Pali china chimene sindinachiwerenge m'buku la ndege, koma ndachiona mwa ine ndi mwa achinyamata a kuno amene ndawaphunzitsa. Tinaleredwa kuti wamkulu akayankhula sumufunsa kawiri, ndipo ngati sunamve umangoti eya, n'kukafunsa mnzako kuseri. Pamudzi umenewo ndi ulemu, ndipo sindikuunyoza. Koma pawailesi unatsala pang'ono kundiphetsa. Ndili watsopano pa ntchito, tsiku lina la mvula, wailesi ikuthetheka ndi ziphaliwali, anandipatsa kutalika kumene sindinamve bwino. Mawu ake anali a bambo wachikulire, wotopa, ndipo ndege zinali zambiri. Ndinachita manyazi kuwabweza, ndinangobwereza nambala imene ndinkayembekezera, nawonso m'kutanganidwa sanaigwire. Anatipulumutsa ndi akaputeni amene ndinkauluka nawo. Anandigwira dzanja ndisanatchere nambalayo, n'kufunsa okha pawailesi. Kusiyana kwake kunali mafiti 1,000, ndipo pamene ndinkafuna kutsikirapo panali ndege ina. Titatera sananene zambiri. Anangoti, "Achimwene, Safunsa anadya phula, koma anadya yekha. Inuyo mukanatidyetsa tonse." Mawu oyenera analipo, awiri okha, "say again", bwerezani. Safuna pepani kutsogolo kwake, ndipo palibe woyang'anira wodziwa ntchito amene amakwiya nawo.

Liwu lina lovuta pa lilime la Mmalawi ndi "unable", sindingathe. M'dzinja, masana, kumamera mitambo ikuluikulu ya mabingu, ija mumaiona itaunjikana ngati mapiri. Mkati mwake muli mphepo yokwera ndi yotsika yokhoza kuthyola ndege, matalala ndi madzi oundana. Chilolezo cha IFR si choloweramo mmenemo, ngakhale ndege zikuluzikulu zimailambalala patali. Wa pansi akhoza kukuuza kuti khotera kumanzere, pamene rada ya pamphuno pa ndege yako ikuonetsa kufiira komweko. Umangoti "unable due weather", n'kunena kumene ungathe kupita, iye n'kukonza zina.

Ndipo vuto likakula uyenera kulitchula dzina lake. Pa 25 Januwale 1990, ndege ya Avianca yochokera ku Colombia inazungulira kupitirira ola ikudikira kutera ku New York. Apayiloti ankanena kuti mafuta akuchepa, anapemphanso kuti atsogozedwe, koma sanatchule liwu loti ali pangozi, choncho a pansi sanadziwe kuti zafika pa mwana wakana phala. Injini zonse zinayi zinazima, anthu 73 anafa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Moyo ukakhala pachiswe timati "Mayday" katatu, n'kutchera 7700 pa transponder, ndipo ndege zina zonse zimakupatukira. Vuto likakhala lalikulu koma losafika pamenepo timati "Pan-pan" katatu. Wailesi ikafa timatchera 7600, n'kupitiriza monga mwa chilolezo chomaliza ndi pulani ija, chifukwa a pansi akudziwa kuti tichita zimenezo.

Ndiye mwana uja mukamuuze kuti malamulo a ICAO, bungwe la dziko lonse loona za ndege, amati mawu omaliza pa ndege ali ndi kaputeni. Amamvera chilolezo chifukwa wa pansi akudziwa za ndege zimene iye sakuziona, koma udindo suchoka m'manja mwake. Zinthu zikathina timayamba kuulutsa ndege, kenako kudziwa pamene tili, kuyankhula kumabwera pomaliza, ngakhale wina akuitana mobwerezabwereza. Ndipo pali nthawi imene timasiya mawu a wa pansi popanda kukambirana. Ndege zikuluzikulu zili ndi chipangizo chotchedwa TCAS, chimene chimayankhulana ndi cha ndege ina zikayandikana, n'kuuza ina kuti ikwere, inayo itsike. Pa 1 Julaye 2002, pamwamba pa Überlingen ku Germany, chipangizocho chinauza ndege ya ku Russia kuti ikwere, wa pansi anaiuza kuti itsike. Inatsika, n'kuwombana ndi ndege ya katundu imene nayo inkatsika pomvera chipangizo chake. Anthu 71 anafa, ambiri mwa iwo ana asukulu. Lero lamulo ndi lomveka: TCAS ikalamula, mvera TCAS, wa pansi umuuze pambuyo.

Potera ndi pamene zonsezi zimakumana. Msewu wa ku Lumbadzi ndi wotalika kupitirira makilomita atatu, ndipo mbali imodzi umatchedwa 14, inayo 32, kutanthauza madigiri 140 ndi 320 pa kampasi. Wotera pa 14 amachokera chakumpoto cha kumadzulo, mbali yanuyo. Pa mabwalo akuluakulu pamakhala chipangizo chotchedwa ILS, chimene chimatumiza mizere iwiri ya wailesi. Wina umakuuza ngati wapatukira kumanzere kapena kumanja kwa msewu, wina umakutsitsa pa madigiri atatu. Pa wotchi pamaoneka timizere tiwiri, ndipo ntchito yako ndi kutisunga topingasana pakati, ndi timanja tofewa, chifukwa ukamayandikira timanjenjemera ndi kalikonse. Masiku ano GPS imachitanso zofanana. Ukutsika, zenera lili mbee, mnzako akuwerenga kutalika mokweza. Pa ILS wamba malire ake amatsika mpaka mafiti 200 kuchokera pansi, mamita 60 okha. Mwaikumbukira 300 ija ya QNH? Ukafika pamalirepo umadzutsa maso. Ngati nyali za msewu zaoneka, tera. Ngati sizinaoneke, palibe zoti nditsikeko pang'ono ndione, umaponda moto, mphuno m'mwamba, n'kutsatira njira yothawira imene inalembedwa kale pa pepala ndipo munaiwerengerana musanayambe kutsika. Kenako mwina akuzungulitsa pamalo amodzi kudikira kuti mvula idutse, kapena upita ku Chileka, poti mafuta ake unanyamuliratu. Apaulendo amadandaula, ena amati payiloti wake ndi wophunzira kumene. Ine ndikamva injini zikubangula ndege ikukweranso, ndili pampando wa apaulendo, mtima umakhala m'malo.

Za mtsikanayo: alimbikire masamu, Physics ndi Chingerezi, makamaka choyankhula ndi kumva, chifukwa ICAO imafuna payiloti wouluka m'maiko afike pa Level 4 mwa masitepe 6. Adzayezedwa maso, makutu ndi mtima. Adzayamba ndi laisensi ya payiloti wamba, ndipo kuti apeze chilolezo cha zipangizo muyezo wa ICAO umafuna maola 50 a maulendo ataliatali iye ali woyendetsa wamkulu, ndi maola 40 ouluka ndi mawotchi okha, ena pa makina oyeserera, ena m'ndege atavala chotchinga kumaso kuti asaone kunja. Ndalama zake ndi zambiri, sindikubisirani, ndipo ndi bwino adziwiretu kuti ntchito ya pansanja nayo ndi ya anthu a mutu ngati wakewo.

Koma phunziro loyamba mukhoza kulipereka nokha mawa lija. Agaweni ana awiriawiri atafulatirana, wina azitchula manambala, wina azibwereza, kalasi yonse ikuwomba m'madesiki, muone ndani alimbe mtima kunena kuti bwerezani. Kenako mubwereke mpando wozungulira wa mu ofesi ya ahedi. Mtsikanayo akhalepo, mum'mange chitenje kumaso, mapazi asakhudze pansi, ndipo aziloza ndi chala kumene akumva kuti akuzungulira. M'kalasi mukhale chete. Muzunguzeni mofatsa, liwiro limodzi, kwa theka la mphindi. Chala chija chiyamba kubwerera pakati mpando ukuyendabe. Mukauimitsa, aloza mbali inayo motsimikiza, mwina mpaka kulumbira. Anzake awiri aime pafupi, chifukwa mukangomuvula chitenjecho afuna kudzuka msanga.